Amayi Ako Ndi Ati?

6 Febuluwale

Mng'ono wanga,

Landira moni wanga, umugawireko ndi mwana wanga Kamphepo. Ine kuno ndili bwino, kupatula msana womwe wayamba kundikumbutsa kuti utsikana unapita kale. Ntchito ndi yomwe ija, kuchapa ndi kusita nsalu za pabedi za kuhotela, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, m'chipinda chapansi chopanda zenera, nthunzi ili tolotolo. Zala zanga zayera ndi sopo, ukadzaziona udzaseka. Ndikaweruka ndimabwerera kukachipinda kanga kaja, bedi limodzi, kapu imodzi, wolankhula naye ndi khoma.

Tsono tandiuza, njinga ija inafika? Ndinapatsira dalaivala wa lole ya matabwa, ndipo analumbira kuti ayitsitsira pakhonde pomwe umasokera. Si yatsopano ayi, ndinagula kwa mnzanga wa kuntchito, koma ndi yofiira monga mwini wake anafunira. Akwanitsa zaka khumi ine kulibe, aka ndi kachitatu tsiku lake lobadwa kundidutsa. Bola akamapalasa azikumbukira kuti ali ndi mayi kwinakwake.

Undilembere zonse, usandiumire nkhani ngati mmene umaumirira ulusi. Watalika bwanji? Dzino lija linamera? Amadyabe ataimirira?

Ndine mkulu wako.

19 Febuluwale

Achemwali,

Moni wanu tinalandira ndi manja awiri. Kuno tonse tili bwino, kaya inu ndi msana wanuwo.

Njinga inafika Lachiwiri, ndipo kuyambira tsikulo m'nyumba muno mtendere unasamuka. Mwana wanu anakana kuti igone pakhonde, akuti ingazizidwe. Ikugona kuchipinda, pafupi ndi bedi, ndipo dzulo ndinapeza ataifunditsa nsalu ya kasitomala wanga, ya diresi ya ukwati!

Koma achemwali, mnzanuyo anakugulitsani njinga yogontha. Buleki yakumbuyo siimva n'komwe, yakutsogolo imamva mochedwa ngati mwini wake akatumidwa kutsuka mbale. Ndamuuza kuti azingozungulira pabwalo lakuseri, asayerekeze kutuluka nayo pamsewu wathu wotsetserekawu. Ndikangomaliza mayunifolomu a sukulu omwe andiunjikira panowa, ndipita nayo kwa okonza njinga.

Watalika, akundifika m'khutu. Dzino linamera, lokhota pang'ono ngati lanu. Za kudya ataimirira musafunse, dzina la Kamphepo simunamupatse pachabe.

Ine mng'ono wanu, telala wosaumira ulusi.

2 Epulo

Mng'ono wanga,

Moni, ngakhale sindikudziwa ngati moni wanga akumafika. Iyi ndi kalata yachitatu, iwe uli zii. Ndikaimba foni umangoti, "Ndili ndi kasitomala, ndiimbanso," osaimbanso. Kodi makasitomala akowo alibe kwawo? Ndikati ndilankhule ndi mwana, nthawi zonse akusamba. Mwana amene ndinkachita kumuthamangitsa ndi beseni uja wayamba liti kukonda madzi chonchi?

Ngati akudwala, ndiuze. Ndine mayi wake, mtima wotha kumva ndili nawo. Ngati wapeza mwamuna ndipo ukuchita manyazi, ndiye bola, ndiyambiretu kusunga ya nsapato za paukwati. Koma chete ameneyu akundidya. Dzulo ndinapsereza nsalu ya pilo ndi simbi chifukwa choganiza za inu, ndipo kapitawo anandiyang'ana mpaka ndinalakalaka pansi patang'ambika.

Ndiyankhe, chonde.

Mkulu wako.

11 Epulo

Amayi,

Muli bwanji? Ine ndili bwino. Kalatayi ndalemba kusukulu pa nthawi yopuma. Sitampu andigulira aphunzitsi, koma sakudziwa kuti pepala ndang'amba m'kope la masamu, ndiye musawauze.

Zikomo chifukwa cha njinga. Panopa ili kupolisi. Ndinagunda nayo agogo okonza mawotchi, amene amakhala ndi tebulo lawo kumunsi kwa msewu wathu. Sindinachite dala. Ndinangofuna kuona ngati ingatsike pang'ono. Ndinagwira mabuleki onse awiri, ndinakuwa kuti "Chokani!" koma iwo anali atavala kagalasi kawo ka diso limodzi, akuyang'ana m'mimba mwa wotchi. Dzanja lawo linathyoka, lili m'chikhakha. Bokosi lawo lagalasi linasweka, mawotchi a anthu anagwera m'ngalande. Ine ndinangosupuka bondo.

Amayi anati ndisakuuzeni. Amayi apita kukhoti kawiri. Akabwerako amangosoka, ndipo tsiku lina anasoka thumba la thalauza mozondoka, mwini wake anakwiya. Amayi akuti mlandu ndi wawo, si wanga, chifukwa ine ndine mwana.

Musakwiye kwambiri.

Ndine mwana wanu.

18 Epulo

Mng'ono wanga,

Moni ndikupatsa chifukwa kalata siyamba popanda moni, koma mtima wanga uli m'mwamba.

Mwana wandilembera. Usamukalipire, wachita zomwe unayenera kuchita iwe. Ndinawerenga kalata yake nditaimirira pakati pa makina ochapira, ndipo mutu unaima. Akuti, "Amayi anati ndisakuuzeni. Amayi apita kukhoti kawiri." Ndinadzifunsa kuti ine ndapita liti kukhoti? Ndinachita kubwereza katatu kuti ndizindikire kuti amayi akunenedwawo ndi iwe.

Tsopano undiuze zonse, osasiya fupa. Bambo ovulalawo ali bwanji? Wasuma ndani? Kodi mwana wazaka khumi amamuzenga mlandu? Bondo lake linapola? Ngati pali pepala la kukhoti, unditumizire ndilione ndi maso anga. Mwezi wathunthu ukunyamula wekha katundu wotere, ngati ulibe m'bale padziko pano!

Ndikudikira.

Mkulu wako.

27 Epulo

Achemwali,

Moni. Ndagwidwa, sindikana. Khalani pansi ndikuuzeni.

Linali Loweruka masana. Ndinali pakhonde ndi mayi wina wovuta, akuyesa diresi kachinayi, ine mapini ali kukamwa. Njinga ndinali ndisanakonzetse, ndinkangoti mawa, mawa. Ndinangomva chiphokoso kumunsi, kenako anthu akukuwa. Ndinathamanga tepi yoyezera ili m'khosi. Ndinapeza bambo a mawotchi ali gone m'mbali mwa msewu, atagwira dzanja lawo lamanja, Kamphepo atagwada m'ngalande akutola mawotchi m'matope, akulira mokweza kuposa wovulalayo.

Wapolisi atafika anamufunsa kuti, "Iwe, amayi ako ndi ati?" Mwanayo sanachedwe, analoza ine. Wapolisi analemba, ine sindinatsutse.

Bambowo ndi munthu wabwino, za khoti sankazifuna. Anakasuma ndi mwana wawo wamwamuna, amene amayendetsa basi, ndipo ine sindimuda. Adokotala akuti fupa lipola, koma zala zizinjenjemera. Nanga munthu amene amadyera kugwira tizitsulo tating'ono ngati mchenga, zala zikamanjenjemera adya chiyani? Anakhala bambo athu, nafenso tikadasuma.

Kukhoti ndinafunsa kalaliki funso lanu lomwelo. Ndinati, "Kodi mwana wazaka khumi mumuimika kutsogolo uko?" Iye anati, "Ayi mayi, kamwana kotere sitikazenga. Timafunsa wamkulu amene amayenera kukayang'anira. Munkadziwa kuti pali choopsa? Munachitapo chiyani?" Achemwali, ndinkadziwa. Ndinakulemberani ndi dzanja langa kuti njingayo ndi yogontha, ndipo ndinaisiya kuchipinda yosamanga, ngati kuti mawu okha angamange Kamphepo.

Sindinakuuzeni chifukwa ndimakudziwani. Mukadakwera basi tsiku lomwelo, kapitawo wanuyo n'kuika munthu wina pa simbi yanu, ndiye tonse atatu tikadalira. Bondo linapola, patsala kachipsera. Mlandu ulowa pa 20 Meyi. Pepala mukufunalo ndi ili, ndakuchitirani fotokope. Chonde musabwere.

Mng'ono wanu.

4 Meyi

Mng'ono wanga,

Moni. Pepala ndalandira. Mawu ake ambiri ndi a maloya, andipitirira pamutu, koma mzere umodzi ndaumva bwino. Palembedwa kuti "Mayi wa mwana," ndipo patsogolo pake pali dzina lako ndi siginecha yako, ija umaikhotetsa mchira. Langa ndalifuna kutsogolo ndi kuseri kwa pepala, mulibe.

Ndisakubisire, zandipweteka. Pochoka ine, mwanayo ankakutchula "amayi aang'ono." Liwu loti "aang'ono" linagwera kuti? Unaliona likugwa, osalitola? Wapolisi akufunsa, mwana wanga akuloza iwe osaganiza kawiri, iwe n'kungoti "sindinatsutse." Zaka zitatu ndikusita nsalu zogonera anthu osawadziwa kuti iye avale ndi kuphunzira, ndiye lero pepala la boma likuti ndilibe mwana.

Ndikudziwa kuti wamulera. Bambo ake atatisiya iye ali wakhanda unali pambali panga ndi iwe, ndipo atadwala chikuku chaka chatha unamunyamula kumsana ndi iwe, ine ndili kuno. Sindikuiwala, ndipo sindidzaiwala. Koma mimba inali yanga, ndipo njinga yogonthayo ndinatumiza ndine, osaiyesa n'komwe, ndinangoona utoto wofiira basi. Ngati pali woyankha mlandu, ndine. Kumusambitsa sindimusambitsa, kumuluka tsitsi sindimuluka, akadwala sindimugwira pachipumi. Usandilande ndi mlandu womwe, mng'ono wanga. Ndi chokhacho cha mwanayu chimene chatsala choti ndinyamule.

Kubwera sindibwera, wanena zoona za kapitawo. Koma ndalemba kalata kwa woweruza, ili mu envelopu yomweyi. Ukaipereke. Ukaibisa ndidzadziwa, mwana amene ali m'nyumbamo amatha kulemba.

Mkulu wako.

21 Meyi

Achemwali,

Landirani moni wa munthu amene wadzuka mutu wopepuka koyamba m'miyezi iwiri. Kalata yanu ija inandiliza, kenako inandipsetsa mtima, ndiye ndinati ndidikire mlandu uthe, kuopa kulemba mawu oti n'kung'amba pamalo posasokeka.

Ine kukulandani mwana? Koma inu! Chithunzi chanu chili pakhoma pamwamba pa makina anga, ndipo mwanayo amachitsanzika popita kusukulu. Papepala lija panalibe mzere wa amayi aang'ono. Ndinaufunafuna. Kalaliki anati, "Wapolisi analemba kuti mayi ndinu, sainani apa," kumbuyo kwanga anthu ali mbwee kudikira. Ndikanatani?

Tsono mverani za dzulo. Khoti lake ndi kachipinda kakang'ono, mabenchi asanu ndi fani yolira ngati makina osathira mafuta. Wotchi ya pakhoma inali itaima, ndipo bambo a mawotchi ankangoiyang'ana mwachisoni, dzanja lili pachifuwa. Woweruza anali mayi wachikulire, magalasi ali pamphuno. Kalata yanu ndinapereka, musadandaule. Anaiwerenga mokweza, mpaka paja munati, "Njinga ndinatumiza ndine, ngati pali chilango chibwere kuno." Ine osadziwa ndinapezeka ndaimirira. Ndinati, "Ayi bwana, za mabuleki ndinkadziwa ndine, iwo sanayione n'komwe ikuyenda!" Anandiuza kuti ndikhale pansi.

Kenako anavula magalasi n'kunena kuti, "Zaka zonsezi pampando uno ndakhala ndikuona makolo akukana ana awo. Bambo amati ndi wa mayi ake, mayi amati watengera bambo ake. Lero ndalandira amayi awiri akulimbirana mlandu umodzi." Anthu anaseka, ngakhale mwana wa bambo a mawotchi, woyendetsa basi uja, amene analowa nkhope ili gwa.

Pogamula anati lamulo silifunsa amene anamva ululu pobereka. Limafunsa amene anali pafupi, amene akanatha kumanga njingayo ndi tcheni koma osaimanga. Ndiye wolekerera ndine, ndipo ndavomera ndi mtima wonse. Tilipira za kuchipatala, bokosi latsopano, ndi mawotchi osadzukanso a eni ake, pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi. Anati ngati amayi akutali akufuna kugwirako, khoti silikana. Ndiye pukutani misozi, katundu mumalirirayo alipo, ndakusungirani theka lake. Anauzanso kalaliki kuti akonze pepala lija. Dzina lanu lalowa, ndipo alilemba pamwamba pa langa, ndinachita kusuzumira.

Tikuti tizituluka, bambo a mawotchi anapempha kulankhula. Anati, "Kamwanaka kananditolera mawotchi asanu ndi awiri m'matope, osathyola muvi ngakhale umodzi. Kali ndi zala zabwino. Poti zanga zayamba kuvina, kazibwera Loweruka kudzandigwirira tizitsulo. Koma kazibwera wapansi." Mwana wanu anayankha kuti "Inde agogo" ndi mawu aang'ono omwe sindinamumvepo nawo chibadwire.

Ine mng'ono wanu, wolakwa wovomerezeka ndi khoti.

24 Meyi

Amayi,

Muli bwanji? Ine ndili bwino. Pepala ili ndi lopempha, sindinang'ambe.

Amayi aang'ono andiuza kuti munadandaula chifukwa ndinaloza iwo. Ndalemba "aang'ono" kuti musasokonezekenso. Kunyumba ndimangoti "amayi" chifukwa linalo ndi lalitali ukamaitana uli pa liwiro. Koma za wapolisi uja zili ndi chifukwa china. Ndikuuzani, koma iwo musawauze.

Atandifunsa kuti amayi ako ndi ati, ndinaona unyolo uli lende m'chiuno mwake. Ndinaganiza kuti mwana akalakwa chonchi amamanga amayi ake. Mnzanga wa m'kalasi bambo ake anamangidwapo, ndipo anandiuza kuti munthu akakhala mmenemo abale ake amamupititsira chakudya ndi bulangete, apo ayi amagona ndi njala pasimenti. Ndiye ndinaganiza msangamsanga. Inu kumeneko muli nokha. Munalemba kuti muli ndi bedi limodzi ndi kapu imodzi, ndinawerenga ndekha. Akanakumangani kumeneko, akanakupititsirani chakudya ndani? Amayi aang'ono ali ndi ine. Ndimatha kupanga tiyi ndi kukazinga mazira, ndipo kupolisi ndi pafupi, ndikanamapita wapansi.

Ndiye ndinakubisani. Sindinakuiwaleni ayi. Titabwerera kunyumba ndinang'amba adiresi yanu kuseri kwa kope langa n'kuibisa m'nsapato kuti asaipeze. Ikadali momwemo, yayamba kufufutika, koma ndinailoweza kale pamtima.

Agogo a mawotchi andiphunzitsa kutsegula wotchi osakanda kuseri kwake. Akuti ndisamapume pafupi ndi tizitsulo.

Ndine mwana wanu.

Achemwali, ndawonjezera ndine pansi pano. Kalatayi anandipatsa kuti ndimate, ndiye mukundidziwa, ndawerenga. Miyezi iwiri yonseyi ndakhala ndikudzitama chamumtima kuti mwana anandiloza chifukwa cha chikondi. Kani ankandipereka kwa apolisi! Ndaseka mpaka kudzibaya ndi singano, kenako ndalira pang'ono, sindikubisirani. Taonani mwana amene munabereka.

1 Juni

Kwa nonse awiri,

Moni wanga ndi uyu, mugawane bwino osalimbirana, poti banja lathu latchuka kukhoti ndi kulimbirana.

Ndapsereza nsalu ina ya pilo. Kapitawo atabwera kuti andikalipire, ndinangomupatsa kalata ya Kamphepo. Anaiwerenga ataimirira pomwepo, anatsokomola, n'kupita ku ofesi. Pobwerako anandiuza kuti mu Ogasiti ndili ndi tchuthi cha masiku khumi. Mundidikire.

Kamphepo mwana wanga, kubisa zoona kwa apolisi si bwino, usadzachitenso. Ndanena zimenezi chifukwa ndine mayi ako ndipo ndiyenera kunena, koma kalata yako ndaisunga m'thumba la yunifolomu, pachifuwa. Adiresi uichotse m'nsapato, palibe akubwera kudzandimanga. Ndagulanso kapu yachiwiri, ndipo mnzanga wa pamakina amabwera kudzamwa tiyi Lamlungu, ndiye usamade nkhawa kuti ndili ndekha. Agogo a mawotchi uziwamvera, dzanja lawo uli nalo ndiwe tsopano. Njinga ikatuluka kupolisi iyambe yapita kwa okonza isanaone khomo la nyumba.

Mng'ono wanga, theka langa la katundu ndiyamba kutumiza mwezi uno, ndipo usayerekeze kundibwezera. Undikhululukire chifukwa cha kalata ija, ndinalemba ndi nsanje, ndikuvomera. Ndinakufunsa kuti liwu loti "aang'ono" linagwera kuti. Usavutike kulifuna. Munthu amene analozedwa chala pamaso pa wapolisi, n'kukhala chete kuti mkulu wake asachotsedwe ntchito, si wamng'ono. Lisiye m'ngalande momwe linagweramo.

Ndine mayi mnzako.